Black Adam: filimu inatenga mayina m'makomiki a 52, koma inasiya chaka chonse

[Pa sikirini: zikuto za makomiki a 52 zikusinthana]

Takulandirani, anzanga. Ngati munaonera filimu ya Black Adam ya 2022, mukumukumbukira Adrianna Tomaz, mayi wolimba mtima uja, ndi mnyamata Amon. Mayina awiriwa anachokera m'makomiki otchedwa 52, ndipo lero ndikufuna ndikuonetseni chomwe makomikiwo anali nacho chimene filimu inalibe. Ndikuchenjezeni kaye: ndiulula mmene nkhani imathera, mbali zonse ziwiri.

Ku America, kwa zaka zambiri, Lachitatu ndiye lakhala tsiku lomwe makomiki atsopano amafika m'masitolo. Koma nthano imodzi, tinene ya Batman, kawirikawiri imatuluka kamodzi pa mwezi, chifukwa kulemba, kujambula ndi kupaka mitundu masamba opitirira 20 si ntchito ya masiku awiri. Mu Meyi 2006 kampani ya DC Comics inayamba kutulutsa nthano imodzi sabata iliyonse, mpaka Meyi 2007. Mabuku 52, masabata 52, osadumpha ngakhale sabata imodzi.

Anakwanitsa bwanji? Anagawana ntchito. Olemba anali anayi: Geoff Johns, Grant Morrison, Greg Rucka ndi Mark Waid. Keith Giffen ankayala tsamba lililonse mwachidule, kusonyeza pomwe chithunzi chilichonse chikhale, kenako ojambula osiyanasiyana n'kumalizitsa. Zikuto zonse anajambula J.G. Jones.

Chomwe chimandisangalatsa kwambiri ndi ichi: buku lililonse linkafotokoza sabata imodzi m'moyo wa anthu a m'nthanomo. Sabata ikatha kwa wowerenga, yathanso kwa iwo. Khirisimasi ikafika kunja kuno, yafikanso m'bukumo. Ndipo m'chaka chimenecho Superman analibe mphamvu zake, pomwe Batman ndi Wonder Woman anali atapatuka kaye, motero bwalo linatsalira ngwazi zomwe nthawi zambiri zimaima kumbuyo: Booster Gold, Renee Montoya, Ralph Dibny, Steel. Batwoman wa masiku ano, Kate Kane, anayambira momwemu.

[Pa sikirini: Black Adam ali pa mpando wachifumu ku Kahndaq]

Tsono tibwere kwa Black Adam. Munthuyu ndi wakale, anaonekera koyamba mu 1945 m'makomiki a kampani ya Fawcett ngati mdani wa Captain Marvel, yemwe lero timamudziwa kuti Shazam. Mu 52 timamupeza akulamulira dziko lopeka la Kahndaq, ndipo chilungamo chake n'chamagazi: wolakwa amamupha pamaso pa anthu. Gulu la zigawenga la Intergang likufuna kumunyengerera, ndiye likumubweretsera mphatso, ndipo ina mwa mphatsozo ndi mkazi wogwidwa ukapolo, Adrianna. Adam akukana malondawo ndi kumumasula.

Apa m'pamene kuwerenga sabata ndi sabata kumagwira ntchito yake. Adrianna samuopa. Amamutsutsa maso ndi maso, kumuuza kuti mantha samanga dziko. Adam sasintha tsiku limodzi. Amafewa pang'onopang'ono, buku ili pang'ono, lotsatira pang'ono. Adrianna akulandira mphamvu n'kukhala Isis. Akukwatirana. Akupeza mchimwene wake wa Adrianna, Amon, atamenyedwa mpaka kulumala, ndipo Adam akumugawirako mphamvu zake n'kukhala Osiris. Munthu amene banja lake loyamba linaphedwa kalekale ali ndi banja kachiwiri, ndipo owerenga anakhala nalo banjali miyezi ingapo yeniyeni. Zili ngati sewero la pa wailesi lomwe mumalitsatira mlungu uliwonse, mpaka anthu ake mumayamba kuwakamba ngati a pamudzi panu.

Kenako zonse zikugwa. Osiris anali ndi bwenzi, ng'ona yolankhula yotchedwa Sobek, yooneka yamanyazi ndi yamantha. Ng'onayo inali mdani wobisala. Ikumunyengerera mnyamatayo kuti avule mphamvu zake, ndipo atangotero ikumudya. Isis nayenso akufa, ndipo asanatsirizike akumuuza mwamuna wake kuti iye ndiye analakwa pomuphunzitsa chifundo, awabwezerere. Taganizani: munthu yekhayo amene anamuletsa kupha ndi amene akumumasula. Pobwezera, Adam akupululutsa anthu a dziko lina lopeka la Bialya, ndipo pa sabata ya 50 ngwazi za dziko lonse zikumuunjikira pa nkhondo yomwe DC inaitcha World War III. Sanathe kumupha. Captain Marvel anasintha mawu amene Adam amatchula kuti alandire mphamvu, n'kumusiya munthu wamba woyendayenda, akuyesa mawu awa ndi awo.

Wowerenga sangavomereze zomwe Adam anachita ku Bialya. Koma amadziwa bwino chimene chinathyoka mwa iye, chifukwa anachiona chikumangidwa.

[Pa sikirini: chikwangwani cha filimu ya Black Adam]

Filimu inatuluka mu Okutobala 2022, wotsogolera anali Jaume Collet-Serra, ndipo Dwayne Johnson ndiye anasewera Adam. Kahndaq alimo. Intergang ilimo, ndipo ndiyo ikupondereza dzikolo. Adrianna, yemwe mbali yake anasewera ndi Sarah Shahi, alimo, koma ndi katswiri wofukula zakale amene akulimbana ndi atsamundawo, ndipo Amon ndi mwana wake, osati mchimwene. Palibe ukwati, palibe Isis, palibe Osiris.

Sindikunena kuti filimuyo ilibe chabwino. Pierce Brosnan ngati Doctor Fate anasewera mogwira mtima. Ndipo pali funso lamphamvu lomwe Adrianna akuwafunsa a Justice Society, gulu la ngwazi lomwe labwera kudzaletsa Adam: nthawi yonse imene Kahndaq ankavutika munali kuti, bwanji mwabwera lero pamene tapeza wotiteteza? Funso limeneli linkafunika filimu yonse. Koma m'maola awiri anayenera kulowetsamo ngwazi za gululi monga Hawkman, Atom Smasher ndi Cyclone, chisoti cha chiwanda Sabbac ndi nkhondo zotsatizana. Chisoni cha Adam, imfa ya mwana wake Hurut, tikuchimva m'zithunzi za zakale, chitachitika kale zaka zikwizikwi zapitazo. Amatiuza kuti anataya banja, pomwe 52 inatipatsa banjalo kaye, tinalizolowera, kenako n'kutilanda. Kwa ine kusiyana konse kwagona pamenepo.

Filimuyo inapeza madola pafupifupi 393 miliyoni padziko lonse, ndalama zosakwanira poyerekeza ndi zomwe inadya. Kumapeto kwake Henry Cavill anaonekera ngati Superman, kulonjeza nkhani ina ya iye ndi Adam. Sizinachitike. James Gunn ndi Peter Safran atatenga utsogoleri wa DC Studios, nthambi yopanga mafilimu a DC, pofika Disembala 2022 zinadziwika kuti Cavill sabwereranso, ndipo filimu yachiwiri ya Black Adam inaimitsidwa. Isis ndi Osiris sanafike pa sikirini m'nkhani imeneyi.

Mabuku a 52 anawasonkhanitsa m'mavoliyumu, ndipo amapezekanso pa intaneti. Mukawapeza, musawathamangire usiku umodzi. Werengani awiri kapena atatu, siyani, mubwererenso patapita masiku. Mu vidiyo yotsatira titenga Booster Gold, amene nkhani yake m'mabuku omwewa ndiyo imaulula tanthauzo lenileni la nambala 52.