Za waya pa bonsai, makamaka pomuchotsa

Moni nonse pagulu pano. Ndiyankhe za waya zija, poti ambiri mwafunsa zofanana: momwe timakulungira waya panthambi za bonsai kuti tizipinde mmene tikufunira, ndi nthawi yomuchotsa. Waya wake... ayi dikirani, ndiyambe ndi mtengo. Bonsai si mbewu yapadera yoti mukaitanitse ku Japan, ndi mtengo wamba womwewu, kungoti timausunga m'kamphika n'kumaudulira mizu ndi nthambi kuti ukhale waung'ono. Ndiye inu oyamba kumene, tengani kachere kapena mkuyu. Mukadula kanthambi n'kuzika, sikavuta kugwira. Mlambe usiyeni kaye. Kuno ku Mzuzu ndi kozizira, mvula ndi yambiri, umaola mizu. Umenewo ngwa anzathu a ku Karonga.

Tsono waya. Wa aluminiyamu, wofewa uja. Kunenepa kwake kukhale ngati gawo limodzi mwa magawo atatu a nthambi imene mukufuna kupindayo. Mumuzike kaye m'dothi kapena mumugwiritse pa thunthu, kenako muzikulunga mopendekera, madigiri 45 choncho. Osati mothinana ngati sipuling'i ayi. Mwandimva? Mopendekera, ndipo osafinya khungwa. Mukamaliza kukulunga m'pamene mumapinda, pang'onopang'ono, chala chachikulu chitachirikiza popindapo. Mukangomva kuti thee, lekani pomwepo.

Koma nkhani yagona pochotsa. Apa ndichedwepo ndithu. Dzinja lathu ndi lalitali, kuyambira Disembala mpaka Epulo, mwinanso Meyi kukadali mvumbi. Nthawi yonseyo mtengo ukunenepa, waya sakunenepa. Mukuona? Mtengo ukunenepa, waya ali chomwecho. Ndiye amalowa m'khungwa, ndipo chipsera chake chimatenga zaka kuti chizimirike, mtengo wanga woyamba mpaka lero ngwamizeremizere. Sabata iliyonse muziyang'ana, makamaka m'mopindika ndi nthambi zakumwamba, poti zimenezo ndiye zimakula msanga. Mukaona khungwa layamba kutukumuka m'mbali mwa waya, chotsani tsiku lomwelo, ngakhale nthambi isanakhazikike. Mudzamanganso wina. Ndipo osamasula chomasula kuti waya mudzagwiritsenso ntchito, eee, pamenepo ndiye mumathyola nthambi ndi mphukira zomwe. Dulani wayayo. Mkombero uliwonse duleni, tizidutswa tizigwa tokha. Ndibwereze: dulani, osamasula.

Pali bambo wina wa ku Chibavi, ndinawauza bwinobwino kuti katondo ayi. Iwo n'kuthira katondo ndi manyowa a nkhuku m'beseni losaboola, n'kukaika pabalaza pafupi ndi TV, ati alendo aziona. Madzi m'mawa ndi madzulo. Masamba anasanduka achikasu n'kuyoyoka, pozula mizu ikununkha. Akuti ndinawapatsa mtengo wodwala. Kaya.

Dothi loyenera ndi ili, ndinatsala pang'ono kuiwala. Phwanyani njerwa zootcha, musefe fumbi lichoke, musakanize ndi mchenga wokhakhala wa kumtsinje, manyowa owolerana pang'ono chabe. Mphika ukhale ndi mabowo pansi, mukathira madzi azituluka nthawi yomweyo. Ndipo mtengo uzikhala panja, pa dzuwa la m'mawa.

Mizu... wina anafunsa za nthawi yodula mizu. Juni ndi Julayi musakhudze, kumazizira kwambiri. Dikirani kumapeto kwa Ogasiti kapena Seputembala, mphukira zikayamba kuoneka. Musadule kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu, kenako muuike pamthunzi kwa masabata angapo. Ndipo mwezi umene mwadula mizu, waya ayembekeze kaye.