Mbuzi 220 za Yakobo

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo? Mawu athu m'mawa uno akuchokera pa Genesis 32:13-15 ndi 33:3-4.

Yakobo adatha zaka 20 kwa Labani atathawa kwawo chifukwa cholanda madalitso a mkulu wake Esau. Pobwerera adamva kuti Esau akubwera ndi amuna 400, ndipo mantha adamugwira. Usiku womwewo adapatula mphatso: mbuzi zazikazi 200 ndi atonde 20, nkhosa zazikazi 200 ndi zamphongo 20. Ngamila, ng'ombe ndi abulu zidaliponso, koma ine maso adandikakamira pa 220.

Akatswiri a masamu amati nambala imeneyi ili ndi bwenzi lake. Tengani manambala onse ogawa 220 popanda chotsala: 1, 2, 4, 5, 10, 11, 20, 22, 44, 55 ndi 110. Mukawaphatikiza mupeza 284. Ya 284 nayo ndi 1, 2, 4, 71 ndi 142, ndipo mukaphatikiza mwabwerera pa 220. Ndidayesa ndekha ndi pensulo kuseri kwa kope la mwana wanga, kawiri konse, zidatheka. Agiriki akale ankawadziwa awiriwa. Alipo ena akuluakulu, monga 17,296 ndi 18,416, omwe katswiri wa masamu wa ku France, Pierre de Fermat, adawalengeza mu 1636 ngakhale akatswiri olemba m'Chiarabu adali atawapeza kale.

Baibulo silinena kuti Yakobo ankawerengera zimenezi, ndipo tisasandutse manambala kukhala maula. Chomwe chandikhudza n'chakuti pophatikiza paja, 220 mwiniwakeyo saikidwa pamndandanda. Mukamuikapo, yankho limakhala 504, bwenzi uja osapezekanso.

Yakobo naye adadzichotsa pamndandanda. Munthu amene ankalimbirana ukulu kuyambira m'mimba adadzitcha kapolo, natcha Esau mbuye wake. Adachoka pa mtsinje wa Yaboki akutsimphina, nawerama kasanu ndi kawiri mpaka kufika pafupi ndi mbale wake. Esau adamuthamangira, kumukumbatira, onse awiri n'kulira.

Ine ndi achimwene anga tatha zaka 3 tisakulankhulana chifukwa cha malire a munda womwe adatisiyira malemu mayi athu. Mizere inayi ya chimanga basi. Pamaliro timakhala motalikirana, moni timapatsirana kudzera mwa ana. Nthawi zonse ndikamawerenga zomwe adandilakwira ndimayamba ndi ine mwini: ufulu wanga, thukuta langa, manyazi omwe ndidachita pamaso pa amfumu. Nambala yawo ya foni sindidaifufute.

Tipemphere. Atate, Inu amene mudafewetsa mtima wa Esau, mundichotsere kudzikuza kumene ndakhala ndikukutcha chilungamo. Mundipatse mawu oyamba ndikamawaimbira achimwene lero dzuwa lisanalowe. Mukumbukirenso aliyense pagulu lino amene ali ndi mbale wake yemwe samwerana naye madzi. M'dzina la Yesu, Amen.