Ndere ya imvi ya pamwala: kadzalidwe ndi kasamalidwe kake

Zikomo amfumu, zikomo azimayi ndi azibambo a gulu lathu la olima maluwa kuno ku Chilomoni, ndi inu achinyamata mwaima kumbuyoko. Senderani pafupi, chifukwa chimene ndabweretsa lero n'chaching'ono, simungachione muli patsinde pa mango apo.

Mwala uwu uyende m'manja mwanu. Muone kanthu kotuwa kali pamng'alupo, kozungulira ngati kankhata, kukula kwake ngati chitsekero cha botolo. Kakhudzeni ndi chala. Kauma gwa, eti? Mukanakapeza pakhoma la nyumba, ambirinu mukanakapala ndi mpeni n'kumati ndi litsiro. Tsopano amayi muli ndi mwalawo, ugwireni chonchi, ndidonthezepo madzi. Yang'anitsitsani. Mwaona? Timasamba tatambasuka, kutuwa kuja kwachepa, kabiriwira, mphindi imodzi isanakwane. Kameneka kakhala pawindo panga milungu 3 osalawa madzi, koma sikanafe ayi, kanangogona.

Ife timangoti ndere, koma dzina limeneli timaitanira zinthu zosiyana. Pali ndere yoterera ya m'madzi, ija imagwetsa anthu pamjigo ndi pamiyala ya mu Likhubula. Pali ina yonga zipere zotuwa kapena zachikasu, yomatirira pathanthwe ndi pamakungwa a mitengo. Ya lero si imeneyo. Iyi ndi chomera chenicheni, chili ndi kathunthu ndi timasamba take, kungoti chilibe mizu, sichichita maluwa, sichibala njere. Zomera za mtundu umenewu zilipo mitundu pafupifupi 12,000 padziko lapansi, ndipo pakati pake pali banja lina lokonda miyala limene akatswiri amalitcha Grimmia. Dzinali linakhazikika m'buku la Johann Hedwig la m'chaka cha 1801, pokumbukira dokotala wina wa ku Germany wotchedwa Grimm. Yodziwika kwambiri m'banjamo ndi Grimmia pulvinata, ndipo liwu lachiwirilo m'Chilatini likunena za mtsamiro, chifukwa cha maonekedwe ake otukuka. Banjali limapezeka m'makontinenti onse, ngakhale ku Antarctica kozizira kuja, koma kumadera otentha ngati kwathu kuno limakonda kwambiri mapiri aatali. Mu 1991 gulu la akatswiri a zomerazi la British Bryological Society linabwera kudzafufuza ndere paphiri la Mulanje, phiri lomwe nsonga yake, Sapitwa, ndi yotalika mamita 3,002. Anthu anakwera ndege kuchokera ku Britain kudzagwada pamiyala yathu kuti aone chimene ife timachiponda osachiona n'komwe.

Kuti munthu atchule dzina lenileni la ndere imene wapeza pamafunika maikulosikopu, koma kasamalidwe ka ndere zonse zotukuka za pamwala wouma kamafanana, ndipo kamachokera m'mapangidwe ake. Ndiye timvetsetse kaye thupi lake.

Chimanga chimamwa ndi mizu. Ndere imamwa ndi thupi lonse. Timasamba take n'topyapyala kwambiri moti madzi amangolowa okha akatikhudza, ndipo amatulukanso mosavuta kukatentha. Pansi pake pali timaulusi tofiirira, koma ntchito yake yaikulu ndi kugwira mwala kuti mphepo ndi mvula zisaichotse. N'chifukwa chake sifuna nthaka. Chakudya imapanga ndi kuwala kwa dzuwa, ndipo timchere tochepa timene imafuna imatipeza m'fumbi ndi m'madzi a mvula.

Nanga imvi zija mwaziona pamwamba? Tsamba lililonse limathera ku kaubweya koyera. Timaubweyati timabweza kuwala koopsa kwa dzuwa, timachepetsa kuuma, komanso timakola mame ndi nkhungu ya m'mamawa. Ndipo kuunjikana kwake kuja si kwachabe. Kathunthu kamodzi pakokha kangaume nthawi yomweyo, koma tikathithikana mazanamazana timasunga madzi pakati pawo ngati siponji. Mutu umodzi susenza denga, ngakhale kwa ndere. Choncho mukamaisamutsa musaimwaze kankhata kake popanda chifukwa.

Tsopano apa ndi pamene ndikufuna mutchere khutu, chifukwa ndi pamene ambiri timalakwa. Ife olima maluwa tinazolowera kuti chomera chikafota tithamangire chitini cha madzi. Ndere iyi ikauma imaimitsa zonse za m'thupi mwake, ndipo ikakhala choncho imapirira kutentha kwa thanthwe la mu Okutobala, lija simungalipondeko opanda nsapato. Koma ikanyowa imadzuka, ndipo ikadzuka imakhala yanthete. Mukaithirira masana dzuwa lili paliwombo, mwaidzutsa pamoto, ipsa ili maso. Thirirani madzulo dzuwa litapepa, kapena m'mamawa kwambiri mwala usanatenthe. Ndipo muziisiya iume pakati pa kuthirira kwina ndi kwina. Ine yanga yoyamba ndinaiika m'botolo lagalasi lotseka, ndikumaithirira tsiku ndi tsiku, poganiza kuti ndikuichitira zabwino. Pasanathe mwezi inada bii, inachita chuku, n'kuwola. Zinandipweteka, chifukwa ndinali nditaichotsa pamalo pamene inakhala bwinobwino zaka zambiri. Ndere za m'botolo zimene mumaziona pa Facebook kawirikawiri ndi za mitundu ina, ya m'nkhalango ndi m'mbali mwa mitsinje, yokonda chinyontho chosatha. Iyi ya pamwala imafuna mphepo.

Bambo mwafunsa kuti tikaitenge kuti. Funso labwino. Osati m'phiri la Michiru ili, komwe ndi malo otetezedwa, osatinso ku Mulanje. Ndere imeneyi imakula mamilimita ochepa pachaka. Kankhata kamene mungakapale ndi mpeni pakamphindi kanatenga zaka kuti kafike pamenepo, ndipo mapiri athu, Ndirande, Soche, Mpingwe, avutika kale mokwanira ndi moto, nkhwangwa ndi nyundo za oswa miyala. Yang'anani m'tauni momwemuno: pamakoma akale a njerwa amene akugwetsedwa, pasimenti ya ngalande zakale, pamilu ya njerwa zotayidwa, pamadenga a matailosi. Pemphani kwa mwini malo. Ngati mungathe, nyamulani chidutswa cha njerwa kapena mwala womwewo ndere ili pomwepo, chifukwa imeneyo ndiyo njira yosavuta kuposa zonse. Ngati simungathe, lowetsani mpeni wobuntha pansi pake ili yonyowa pang'ono, ndipo mutenge kagawo kochepa, zambiri zitsale.

Poitenga muone bwino pamene yamera. Ya pasimenti kapena palaimu ibwerere pasimenti. Ya pamwala wa m'phiri ipite pamwala wa mtundu womwewo. Grimmia pulvinata, mwachitsanzo, imakonda malo a laimu, pamene abale ake ena amakana laimu n'kusankha mwala wopanda laimu. Mwalawo ukhale wokhakhala, wa ming'alu ndi timaenje. Nsangalabwi ya mumtsinje ndi yokongola, koma ndi yosalala, timaulusi tija tilibe pogwira.

Kudzala kwake kuli pawiri. Ngati muli ndi kankhata kathunthu, tsukani mwala ndi madzi okha, pakani kadothi kochepa kwambiri mumng'alu, konyowa ngati kozira nako pansi, kenako dinikizani ndereyo ndi chala kuti pansi pake pakhudze mwala. Ngati muli ndi zidutswa zokha, ziumitseni pamthunzi, zifikiseni m'manja zikhale ngati masamba a tiyi, ndipo muziwaze m'ming'alu yonyowa n'kudinikiza. Kachidutswa ka ndere kamatha kuphuka n'kukhala chomera chatsopano. Choyamba mudzaona ngati wina wapaka utoto wobiriwira pamwalapo. Musapukute, ndi ana amenewo. Njira yachiwiriyi ndi ya anthu odekha, chifukwa miyezi imatha musanaone kanthu kotukuka.

Mukatero phimbani ndi kachidutswa ka thumba la anyezi lija la maukonde, mumange ndi ulusi. Nkhuku ndi mbalame zimafukula ndere pofuna tizilombo tokhala mkatimo, ndipo tsiku limodzi lokha zingakuwonongereni ntchito yonse. Thumbalo mudzachotse mukaona kuti mukakoka pang'ono ndereyo sikusuntha.

Nthawi yabwino yodzala kuno ku Blantyre, mmene ine ndaonera, ndi ya chiperoni, mu Juni ndi Julayi. Kumazizira, kumachita nkhungu, kamvula kake n'kowaza. Mvula ya mu Januwale ndi yamphamvu, imakokolola zidutswa zisanagwire. Pa malo oika mwalawo, sankhani pamene pamafika dzuwa la m'mawa koma masana pali mthunzi, monga kum'mawa kwa nyumba. Mukawerenga malangizo a ku Ulaya mupeza akuti mbali ya mthunzi ndi ya kumpoto. Kwa iwo n'zoona. Ife tili kumwera kwa equator, ndiye miyezi yozizira dzuwa limapendekera kumpoto, mthunzi n'kugwera kumwera kwa khoma. Koma musaibise mumdima, pansi pa bedi la maluwa owirira kapena m'chipinda. Imafuna kuwala.

Za madzi. Abwino ndi a mvula, koma osati otsika padenga la malata. Malata amakutidwa ndi zinki, ndipo zinki ndi mkuwa ndi poizoni kwa ndere, moti kumaiko ena amakhoma dala timalamba ta zinki padenga kuti ndere isamere. Tcherani beseni lapulasitiki pabwalo mvula igweremo yokha. Ngati mulibe, tungani a pampopi muwasiye m'ndowa yosavundikira usiku wonse kuti klorini achepe. Pothirira gwiritsani botolo loboola tizibowo pachitsekero, madzi azigwa ngati mame. Miyezi iwiri yoyamba muziwaza madzulo aliwonse kukakhala kouma. Ikagwira, kawiri pamlungu n'kokwanira, ndipo mukachoka kupita kumudzi mwezi wathunthu musade nkhawa, mudzaipeza itagona.

Feteleza ayi, manyowa ayi, phulusa ayi, madzi otsukira mbale kapena ochapira ayi. Feteleza amawotcha timasamba topyapyala tija, ndipo wotsalayo amadyetsa udzu ndi ndere yoterera ija, zimene zimakula msanga n'kuiphimba. Mwana wanga kumbuyoko wanena za chambiko. Inde, pa intaneti pali malangizo oti musakanize ndere ndi mkaka wowawasa n'kupaka pakhoma. Ine sindikulimbikitsani. Kuno kotentha mkakawo umachita chuku, umaitana nyerere, agalu n'kudzanyambita zonse. Kadothi ndi madzi n'zokwanira. Ntchito yotsala ndi yochotsa masamba ogwera pamwamba pake ndi kuzula timaudzu tikadali tating'ono, chala china mutadinikiza ndereyo kuti isazuke limodzi.

Ikakhazikika, tsiku lina mudzaona timitu tobiriwira tonga nsupa zazing'ono pakati pa imvizo. Pa Grimmia pulvinata kaphesi kake kamapindika, kansupako n'kuzika mutu m'masamba mpaka katakhwima, kenako kamawongoka kuti kamwaze fumbi lake. Fumbi limenelo ndiyo mbewu yake, ngati mmene bowa amachitira. Kuti nsupazo zibadwe pamafunika madzi pamwalapo, chifukwa mbewu yamphongo ya ndere imachita kusambira kuti ikafike kwa yaikazi. Mukaziona musazidule. Ikani mwala wina wokhakhala pambali pake, mphepo igwire ntchito yake.

Amene muli ndi foni ya kamera, bwerani mujambule mwala uwu pafupi kwambiri usanaume, kenako mukuze chithunzicho, muona timasamba ndi imvi zake bwinobwino. Ndabweretsanso zidutswa 6 za njerwa zochokera pakhoma lina lomwe linagwa ndi mvula, chilichonse chili ndi ndere yake. Amayi a mpando agawa. Amene mutenge, munyamule chopenyetsa kumwamba, musaike m'jumbo yapulasitiki yomanga, ndipo mubwere nazo pamsonkhano wa mwezi wamawa tidzaone mmene zikuchitira.