Ndere mu thanki ya nsomba zamchere

Abale anga, za mnzathu uja wa ku Borrowdale kuno ku Harare mwamva kale, abwana ali kutchuthi thanki yonse yachita gilini, iye pofuna kuyeretsa nkuthiramo Jik, kukucha nsomba zonse mimba kumwamba ntchito nkuthera pomwepo. Ambiri muno ndife osamala mathanki amenewa m'mayadimu ndiye timvane.

Ndere simangomera, imakhala yapeza chakudya, nitrate ndi phosphate, kuwonjezera kuwala. Ndiye madzi apampopi musathiremo, ndati apampopi ayi! Ambiri mwa madziwa amachokera ku nyanja ya Chivero, komwe mu 2024 ndere yapoizoni inapha zipembere 4, ngakhale awathire mankhwala chakudya cha ndere china chimatsalirabe. Komanso inu amayi kumbuyoko, mumazipakulira nsomba ngati alendo ochokera kumudzi, zotsalazo zikaola ndi manyowa a ndere. Zipatseni zoti zimalize m'mphindi 2 basi.

(Bambo wina: nanga tikawawiritsa, kapena kutunga a borehole?)

Mwafunsa bwino achimwene. Kuwiritsa kumapha tizilombo inde, koma nitrate sathawa ndi nthunzi, madzi akamaphwera iye amatsala mumphika momwemo mwinanso kuchulukirapo. A borehole nawo amaoneka oyera mbee koma mukudziwa kuyandikana kwa zimbudzi ndi zitsime m'makomboni mwathumu, maso sangakuuzeni, pamafunika test kit, zipangizo zoyezera madzi. Ofunika ndi madzi osefedwa ndi makina a RO (reverse osmosis, sefa yochotsa zosungunuka m'madzi), auzeni abwana agule, munthu wokwanitsa kugula nsomba za m'nyanja yamchere ali ku Harare kopanda nyanja yoteroko asalire ndi sefa. Apampopi ayi, owiritsa ayi.

Ndaona ena mwayamba kuyang'ana mafoni, ndithamange. Magetsi owunikira thanki maola 8 patsiku akwana, dzuwa lapawindo lisaombepo. Sabata iliyonse chotsani 10 peresenti ya madzi, atsopanowo mchere ukhale pa 1.025 pa kachipangizo koyezera mchere, koma obwezera pomwe aphwera akhale a RO opanda mchere poti mchere suuluka. Ndere yaubweya zulani ndi manja, galasi palani, skimmer (kamakina kochotsa zonyansa ndi thovu) ndi sefa tsukani, nkhono za turbo zithandize kudya zotsala. Sopo, Jik, apampopi, zonsezi kutali. Miyala yamuthanki musaiwiritse, ma coral ena, tizamoyo tam'nyanja tomera pamiyalapo, ali ndi poizoni wotchedwa palytoxin, nthunzi yake yokha imagoneka banja lonse kuchipatala, ndipo pogwira miyalayo valani magolovesi.