Mawu a M'mawa: Ndime Yanu Mwaisiya Bwanji?

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? Mawu athu lero achokera pa 2 Timoteo 2:5-6. Paulo ali m'ndende, ndipo akuuza mwana wake wauzimu kuti wochita mpikisano savekedwa korona ngati sanapikisane motsata malamulo. Vesi yotsatira akuti mlimi amene wakhetsa thukuta ndiye woyenera kuyamba kulawa zokolola. Wampikisano uku, mlimi uku. Ambiri timawaona ngati anthu awiri osiyana, wina wa kubwalo, wina wa kumunda. Koma kumapiri a ku Ulaya kuli masewero amene awiriwa amakhala munthu mmodzi, ndiwo mpikisano womweta udzu.

Musaseke, ndi nkhani ya moyo ndi imfa kumene inachokera. Kumeneko chipale chimakwirira msipu kwa miyezi ingapo, ng'ombe zimangokhala m'khola kudya udzu wouma umene unamwetedwa mu June ndi July. Kale banja lolephera kumweta wokwanira linkagulitsa kapena kupha ziweto dzinja lawo lisanathe. Ndipo ntchitoyi sinkafuna chidodo, chifukwa udzu womweta ukavumbwa ndi mvula usanaume umawola. Choncho anthu ankaitanizana, lero dambo la uyu, mawa la uyo. Ku Serbia kuthandizana kotere amakutcha moba. Amuna ankandanda, wina patsogolo, wina pambuyo pake, aliyense ndi chikwakwa chachikulu cha mpini wautali, chomweta uli chiimire, mpeni wake ukuyenda chokhwekhwereza pansi kuchokera kumanja kupita kumanzere. Ankalawirira mbandakucha, mame asanaume, poti udzu wonyowa umadulika msanga. Tsono amuna akandanda chotero, simusowa wina wofuna kuonetsa kuti iye ndi katakwe. Mpikisano unabadwira pomwepo, m'kati mwa ntchito.

Mathirakitala atabwera ntchito ya manja inachepa, koma mpikisano sunafe. Kwa anthu a chi Basque, kumalire a Spain ndi France, unakulira m'kubetcherana, ndipo mwamwambo wawo munthu amamweta ola lathunthu kapena kupitirira, udzuwo n'kuuyeza pasikelo. Ku Serbia anthu amasonkhana mu July pa phiri la Rajac, pafupi ndi tauni ya Ljig. Ku Kupres, m'dziko la Bosnia and Herzegovina, amapikisana pa dambo lotchedwa Strljanica, ndipo mu 2020 bungwe la UNESCO linalemba mwambo umenewu m'kaundula wa chikhalidwe choyenera kusungidwa. Palinso mpikisano wa mayiko, umene umakumanitsa akatswiri a ku Austria, Germany, Switzerland, Slovenia, South Tyrol kumpoto kwa Italy, ndi a chi Basque aja.

Pa mpikisano wa mayikowu ndi pamene ndikufuna tiime pang'ono. Mwamuna amapatsidwa ndime ya mamita 10 mulitali ndi 10 mulifupi, mayi amapatsidwa ya mamita 5 ndi 7. Mipeni yawo imapitirira mita kutalika. Akatswiri amagwetsa ndime yonseyo m'mphindi pafupifupi zitatu, anthu akukuwa, ena akuimba likhweru. Munthu uja akamaliza amagwa pansi ali wefuwefu, owonerera n'kumuwombera m'manja. Inu mukadakhalapo mukadati wapambana ndi ameneyu, wamaliza woyamba.

Ayi, sanapambane kaye. Udzu womwetedwa uja amauchotsa, ndime n'kukhala poyera, kenaka oweruza amalowamo. Sathamanga iwo. Amayenda pang'onopang'ono akuyang'ana pansi. Apa watsala udzu uli chiimire. Apa mpeni unangoupinda osaudula, ndipo wayambanso kudzuka. M'ngodya umu sanafikemo. Zonsezi amazisandutsa masekondi, n'kuziphatikiza pa nthawi yake. Motero munthu amene anamaliza woyamba atha kupezeka wachitatu kapena wachisanu, ndipo amene anthu sanamukuwire kwenikweni n'kutenga chikho. Wotchi imanena mbali imodzi chabe, mbali inayo imanenedwa ndi ndime.

Alimi anzanga mukuidziwa nkhaniyi. Waganyu wolipidwa pa mzere akafuna kuchulukitsa mizere, sapalira, amangokwirira udzu ndi dothi. Madzulo munda ukuoneka bwino, ndalama walandira, wapita. Igwe mvula kamodzi, udzu uja tumphu, ndipo mwini munda adziwa mizere ya yani.

Ife Akhristu a masiku ano tazolowera maumboni a wotchi. Ndinamanga nyumba ndisanakwane zaka makumi atatu. Ndinakwezedwa pantchito chaka chimodzi chisanathe. Bizinesi yangoyamba dzana, lero mashopu awiri. Tiwombe m'manja ndithu, Mulungu amadalitsa, ine sindikukana. Koma funso la Paulo likadalipo: mwapikisana motsata malamulo? Njerwa za nyumbayo, amene anaumba analipidwa? Pokwera paja, simunaponde mnzanu pomunenera bodza kwa abwana? Ngongole ya ku banki m'khonde imene munatenga m'dzina la mlamu wanu, inabwezedwa? Ana amene munkawasiya akugona n'kuwapezanso akugona, akukudziwani? Yakobo 5:4 akuti malipiro a antchito amene anamweta m'minda yanu, amene inu munawamana mwachinyengo, akufuula, ndipo kulira kwa okololawo kwalowa m'makutu a Ambuye wa makamu. Taonani, ndi omweta amenenso akutchulidwa pamenepa.

Ngakhale pa ntchito ya Mulungu matendawa alipo. Mpingo utha kudzaza anthu m'miyezi isanu ndi umodzi, pomwe kumbuyo kuli nkhosa zovulala zimene palibe anapita kukazizonda. Paulo yemweyo, pa 1 Akorinto 3:13, akuti ntchito ya munthu aliyense idzaonekera poyera, moto udzaiyesa kuti ndi yotani. Sanati udzayesa kuti inatha liti.

Nanga chimene chimasiyitsa udzu kumbuyo n'chiyani? Omweta amati kawirikawiri si kuchepa kwa mphamvu. Ndi mpeni wobuntha, ndiponso kunyamula mpeni m'mwamba chifukwa cha phuma m'malo mousiya uziyenda pansi. N'chifukwa chake ntchito yeniyeni imayamba mpikisano usanayambe. Mpeni wa chikwakwa chotere sangounola ndi mwala pokha. Munthu amakhala pansi ndi kanyundo ndi kachitsulo kosulirapo, n'kumagogoda m'mphepete mwa mpeni, pang'onopang'ono, kuyambira kutsinde mpaka kunsonga, mpaka chitsulo chipyapyale. Palibe womuwombera m'manja pamenepo. Ku Rossleithen, m'dziko la Austria, kuli fakitale ya Schröckenfux imene yakhala ikusula mipeni imeneyi kuyambira 1540, komabe ngakhale mpeni wochokera kumeneko, mwini wake akaleka kuusamala umangopinda udzu. Kudambo, womweta amayenda ndi mwala wonolera m'kachitini ka madzi komangirira m'chiuno, ndipo amaima pafupipafupi kuti anole. Mlaliki 10:10 ananena kale kuti chitsulo chikabuntha, mwini wake osachinola, adzafunika mphamvu zochuluka. Ena a ife tatopa osati chifukwa ndime yakula. Tadzuka, foni m'manja, madzi pathupi, minibasi, osagwada ngakhale mphindi ziwiri. Tsiku lonse timagwetsa zinthu ndi ukali, mawu okhadzula, malonjezo opanda pake, kenaka tidabwa kuti kumbuyo kwathu kuli nyankhalala.

Za ku Kupres zija zili ndi kanthu kena kamene ndimakakonda. Dera limeneli linavutika kwambiri pa nkhondo ya m'ma 1990, koma mpikisanowu ndi wotsekukira anthu a mitundu yonse ndi zipembedzo zonse. Ndipo wopambana amalandira udindo wa mkulu wa omweta, woyenda patsogolo pa mzere. Mphoto yake ndi ntchito inanso. Amene ali pambuyo amatsata mayendedwe ake, ndiye akakhala wosiyasiya, mzere wonse uphunzira kusiyasiya. Bambo m'nyumba, mayi wa chigwirizano, mphunzitsi, kapitawo, dziwani kuti alipo akuponda m'mapazi mwanu.

Koma sindikufuna mutuluke m'nyumba ndi mtima wolemera. Pa bwalo la mpikisano wotchi ikaima, yaima, sungabwerere kukakonza. Kwa ife kukadali kowala. Yesu pa Mateyu 5:23-24 akuti ukafika ndi chopereka paguwa n'kukumbukira kuti mbale wako ali nawe chifukwa, siya choperekacho pomwepo, pita ukayanjane naye, kenaka ubwere. Zakeyu pa Luka 19:8 anabwerera m'ndime yake yonse, nati amene ndinamulanda ndimubwezera kanayi, ndipo Ambuye anati lero chipulumutso chalowa m'nyumba muno. Sanagule chipulumutso ndi ndalamazo. Chisomo chinamupeza ali mumtengo, ndipo chisomo chomwecho n'chimene chinamutembenuza kuti ayang'ane kumbuyo.

Ndiye musanayambe zatsopano lero, sankhani malo amodzi amene mukudziwa kuti munangokwirira. Mwina ndi foni imene mwakhala mukuizemba. Mwina ndi ndalama ya mtsikana wantchito ya mwezi watha. Mwina ndi pepani amene akazi anu kapena amuna anu akumudikira chiyambire Lamlungu. Ngati simungathe kubweza zonse, pitani mukanene zoona ndi kupangana tsiku.

Tipemphere. Atate, zikomo potidzutsa. Mutipatse kulimba mtima kokagogoda pa makomo amene takhala tikuwalambalala, ndipo mufewetse mitima ya amene tikawapezeko. Kumbukirani aganyu, olondera ndi antchito a m'nyumba amene akudikira malipiro awo lero. Yendani ndi ana athu popita kusukulu, ndi odwala amene agonera kuchipatala. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.