Njerwa za nyumba zakale musazigumule

A Gulupu, amayi ndi abambo, zikomo pobwera. Mwamva kale za anyamata aja anagwidwa usiku akuzula mafelemu ndi malata pa chinyumba chakale chakufupi ndi nyanja. Njerwa zina tazipeza pa khitchini ya munthu wina muno. Dzina sinditchula, akudziwa yekha. Chonde, nyumba zakale musazigumule.

Mukakwera msewu wodutsa m'nkhalango kupita ku Kasungu, kuli Nguru ya Nawambe, nyumba ya Dr. Kamuzu Banda, nayonso yoyenera kuisamala. Munthu uyu anali dokotala, anachiza anthu ku London ndi ku Kumasi, m'dziko la Ghana, asanabwerere kuno pa 6 July 1958. Ndipo kuno ku Nkhotakota ndi kumene chipani cha Congress chinamusankha kukhala mtsogoleri wake wamuyaya mu 1960, atangotuluka kundende ya Gwelo, m'dziko lomwe pano ndi Zimbabwe. Agogo anga ankati tsikulo fumbi linali koboo, amayi akuvina mpaka mawu kusasa.

Ee bambo, nenani. Akuti Kamuzu anazunza anthu, ndiye tisamaliranji zinthu zake? Funso labwino, khalani pansi ndikuyankheni. N'zoona. Anthu anatsekeredwa ku Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu. A Mboni za Yehova anathamangitsidwa, ena mpaka kuthawira ku Mozambique. Wopanda khadi la chipani sankalowa mumsika, enanu munaziona ndi maso. N'chifukwa chake mu 1993 tinavotera zipani zambiri. Koma mdzukulu wanu akadzati agogo mukunama, mudzaloza chiyani ngati makoma onse tagwetsa? Mkuyu uja pamene David Livingstone anakambirana ndi Jumbe zoti aleke kugulitsa akapolo sitiusunga chifukwa choti Jumbe anali munthu wabwino ayi. Timausunga kuti ana athu aone pamene zinachitikira. Inunso amayi okonda kusadza nthambi zake kuti mupeze nkhuni, ndakuonani, lekani.

Ndaona ena mwayamba kuyang'ana kumsika, ndifulumire. Lamulo loteteza malo a mbiri lilipo, ukagwidwa ndi mlandu. Wina akakutsatsani felemu lakale kapena malata a dzimbiri, funsani komwe wawatenga, musagule. Mukaona akugumula, uzani amfumu kapena apolisi tsiku lomwelo. Mbuzi musamangirire m'nyumba zakalezo, moto wa mbewa musayatse pafupi. Ndipo wa khitchini uja, njerwazo zibwerere Loweruka lisanafike, a Gulupu azilandira.