St Helena si Likoma, abale anga

Zikomo atcheya. Abale, nkhani ya mnyamata wathu uja mwaimva nonse, dzina sinditchula mayi ake ali pompano. Anapita ku St Helena, chilumba cha pakati pa nyanja ya Atlantic, kukagwira ntchito ya masabata awiri, mankhwala a BP anatenga a masiku 14 enieni, tsiku lobwerera ndege osatera chifukwa cha nyengo. Mankhwala kutha, ndalama kutha, kuno abwana akuimba foni. Ndiye mvetserani, ndege ya kumeneko imapita kamodzi pa sabata, Loweruka. Miyezi ina amaonjezerako ina koma musadalire zimenezo.

Kuchoka kuno ku Joni kukafika pa chilumbacho ndi makilomita pafupifupi 3,700. Kupita ku Lilongwe ndi cha m'ma 1,500 basi, maola awiri ndi theka mwafika. Ku St Helena ndi maola 6, ndipo ndege imayamba yatera ku Walvis Bay ku Namibia kuthira mafuta, kenako ndi madzi okhaokha mpaka kukafika. Anyamata inu mukangoona mapu pa foni mumati ndi pompa, chala chimodzi. Aaa chala chanucho ndi nyanja ya Atlantic! Ine ulendo wanga woyamba wobwera kuno pa basi ndinatenga mabanzi atatu poganiza kuti ndi pafupi, ndisanafike ku Tete anali atatha, anandipulumutsa ndi mayi wina wa chinangwa.

Eee achimwene kumbuyoko, mwati bwanji? Osangokwera sitima ya pamadzi ngati Ilala? Funso labwino. Sitima inalipo, RMS St Helena, inkanyamuka ku Cape Town ndipo inkayenda masiku 5. Inasiya mu 2018, ndege zitayamba mu October 2017. Bwalo la ndegelo analimanga pamwamba pa thanthwe m'mbali mwa nyanja, msewu wake ndi waufupi, ndipo mphepo yake imatembenuka mwadzidzidzi ndege ikamatera, nchifukwa chake amatumizako ndege yaing'ono. Woyendetsa akaona kuti sizikutheka alibe pena pothawira pafupi, bwalo lina lili pa chilumba cha Ascension, makilomita 1,300. Ku Likoma Ilala ikakusiyani mumapeza boti wa ku Nkhata Bay kapena mumaolokera ku Cobue. Uko ayi. Mukuganiza kuti Angerezi anakamutayiranji Napoleon, mfumu ya ku France, kumeneko mpaka kumwalira mu 1821? Ngakhale Dinuzulu, mfumu ya Azulu, anamutumiza komweko mu 1890. Ankadziwa kuti munthu sathawako. Ndege ndi imodzi pa sabata, ndabwerezanso.

Ndaona amayi ayamba kuyang'ana ku mapoto, ndithamange. Mankhwala tengani oonjezera a masabata awiri, m'chikwama cha m'manja osati m'sutikesi. Inshuwalansi ya chipatala amaifuna polowa. Ndalama zawo ndi mapaundi, marandi musadalire. Tikiti ya kumudzi musagule ya tsiku lotsatira mutangobwerako, abwana auzeni kuti mwina mudzachedwa. Mu ndegemo imwani madzi, muziimirirako kuongola miyendo. Atcheya, ya chopereka cha maliro ija ndi yanu.